Kupita Kumudzi pa Khirisimasi ndi Tiana: Yambirani ku Januwale

Kwathu ku Area 25 ku Lilongwe Disembala sagogoda, amangolowa. Umazindikira kuti wafika pamene wamkulu wabwera ndi kakalata ka kusukulu kopempha ndalama ya phwando lotsekera, wapakati akufuna nsalu yoyera yoti akavale pokhala mngelo pa sewero la ku Sande sukulu, wamng'ono wayamba mamina chifukwa cha mvula, kenako foni n'kulira. Ndi amayi kumudzi: "Kodi adzukulu anga mubwera nawo liti? Mango akutha kuno." Zonsezi zikukupeza manja ali m'beseni, ntchito ukulowabe 7:30 m'mawa, zovala zimene unachapa dzana sizinaumebe.

Tili ndi ana atatu: wa zaka 7, wa zaka 4, ndi wina amene wangokwanitsa chaka ndi miyezi iwiri. Ine ndi bambo awo tonse tili pa ntchito. Kumudzi ndi ku Ntcheu, mbali ya ku Tsangano, ndipo pafupifupi chaka chilichonse timapita. Maulendo oyambirira tinkabwerako titakangana, ngongole ili m'khosi, mwana mmodzi akutentha thupi. Zimene ndalemba pano tinaziphunzira titaona zakuda. Ngati kwanu ndi ku Mzimba, ku Mulanje kapena ku Nkhotakota, musintha maina a malo okha, ntchito yake ndi yomweyi.

Lipirani Januwale, Disembala asanadye

Ambiri amayamba ndi funso lakuti tidya chiyani pa 25. Inu yambani ndi lakuti tidya chiyani pa 20 Januwale. Malo ambiri antchito amalipira msanga mu Disembala, ndipo ndalamayo imaoneka yochuluka chifukwa imafika pamodzi ndi ya ku banki mkhonde, imene magulu ambiri amagawana kumapeto kwa chaka, mwinanso ndi kabonasi. Koma malipiro otsatira ali kutali, masabata asanu kapena kuposa, ndipo pakati pakepo pakudikira lendi, fizi ya teremu yachiwiri, makope, nsapato za mwana amene phazi lakula patchuthi pomwepo. Sanaunamizire mwezi umenewu poupatsa dzina la usilikali lakuti General January. Samva madandaulo.

Choncho usiku umene ndalama yalowa, ana akagona, khalani pansi awirinu ndi pepala ndi cholembera. Musadikire Loweruka, chifukwa pofika Loweruka ndalama imakhala itayamba kale kutuluka ndi mapazi ake. Igaweni milu inayi: ya Januwale, ya thiransipoti yopita ndi yobwerera, ya kumudzi, ndi ya chisangalalo. Muyambe ndi mulu woyambawo, ndipo wotsirizawo utenge zimene zatsala, osati mosemphanitsa.

Kugawa pa pepala kokha sikukwanira. Ndalama ya Januwale ikakhala m'chikwama kapena m'foni, imadyedwa ndithu, chifukwa kumudzi kumabuka maliro, kumabuka mlamu amene denga lagwa, ndipo simungakane muli nayo. Itulutseni m'manja mwanu isanakuyeseni. Lendi ya Januwale kaperekeni kwa alandilodi mawa lomwe, mulandire lisiti kapena mulemberane. Ngati sukulu ya mkaka kapena yapulaiveti kumene ana amapita imalola kulipiriratu, lipirani ngakhale theka. Gulani mayunitsi a magetsi. Gulani chimanga mukagayitse, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale mtengo wake umakwera nkhokwe zikamatha m'midzi. Thumba la makala, shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira zilowe m'chipinda, mutseke. Mukadzabwerako opanda khobidi, nsima idzaphikikabe.

Ya thiransipoti yobwerera muiike payokha, makamaka pa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money imene simuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo muonjezepo pang'ono, popeza mitengo ya basi imakwera nyengo imeneyi. Ina mukhale nayo yogwirika m'manja, poti ma ejenti a kumudzi nthawi zina amakhala alibe ndalama yokwanira yoti mutape.

Mu 2023 ife tinachita mosemphanitsa. Kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, zinthu m'mashopu zinakwera usiku umodzi, koma ife tinagulabe ngati kale, kuopa manyazi. Tinabwerera ku Lilongwe ndi ndalama yobwereka, ndipo katapila ameneyo tinamaliza kubweza Malichi atalowa. Ana sakumbukira n'komwe zimene anavala chaka chimenecho. Ine ndimakumbukira nkhope ya mayi amene ankabwera kudzakhala pakhonde langa mwezi ukatha.

Imbirani kumudzi, ndipo funsani mwachindunji

Ndalama zikagawidwa, imbani foni. Nenani tsiku lofika ndi tsiku lobwerera, onse awiri, pa foni yomweyo. Tsiku lobwerera likanenedwa muli kale kumudzi limamveka ngati mukuthawa. Likanenedwa kudakali milungu itatu limangokhala dongosolo.

Kenako funsani zimene akusowa. Amayi anga amayankha kuti, "Ingobwerani, mwana wanga, ife tili bwino." Ndiye ndimafunsa achemwali anga kumbali, amene amandiuza zoona. Disembala ndi mwezi wopalira ndi kuthira feteleza wobereketsa, ndipo kawirikawiri chimene chikuwadya mutu si keke, koma Urea ndi ndalama ya aganyu. Chaka china ndinanyamula mabisiketi ndi majuwisi chikwama chonse, ndinakapeza chimanga chili chachikasu m'munda. Kuyambira pamenepo mulu wa kumudzi ndimautumiza patsogolo, kudakali masabata awiri, feteleza alowe m'nthaka nthawi yake. Pofika timangonyamula shuga, mchere, sopo, mafuta, masamba a tiyi, machesi, mpunga wa Kilombero wa pa tsikulo, ndi chitenje cha anganga.

Funsaninso zinthu zitatu zokhudza ana: madzi akumwa akutunga pati, mjigo uli moyo kapena unafa, chipatala chapafupi chili mtunda wotani ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amakhala kuti, msewu ukupitika kapena mvula yaudula. Kwathu mukatsika pa Tsangano Turn Off ulendo umakhala usanathe, ndipo yankho la funso lachitatuli ndi limene limatiuza ngati tinyamuke m'mawa kwambiri kapena tidikire tsiku lina.

Sikelo, neti ndi kathumba ka mankhwala

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene Khirisimasi imaonongekera. Tchuthi chimenechi chimagwa pakati pa mvula, nthawi ya malungo ndi kutsegula m'mimba, ndipo mukuchotsa ana pamalo pamene anazolowera n'kuwapititsa kumene madzi, chakudya ndi pogona ndi zina.

Kudakali milungu iwiri, tsegulani mabuku akuchipatala a ana onse. Onani ngati tsiku la sikelo kapena la katemera likugwa muli kumudzi. Ngati likugwa, pitani kukafunsa anamwino musananyamuke. Akuuzani ngati mubwere msanga kapena mukabayitse kumene mukupitako. Mabukuwo muwaike m'jumbo ya pulasitiki, mumange, alowe m'chikwama cha m'manja, osati m'chikwama chachikulu chimene chikakwera pamwamba pa basi. Mwana akadwala usiku kumudzi, buku limenelo limalankhula m'malo mwanu pamene mutu wanu wasokonezeka.

Neti nyamulani yanu. Musadalire kuti mukaipeza, chifukwa mukhoza kukapeza yatchinga dimba la tomato. Tengani ndi chingwe ndi misomali ingapo, muikoloweke dzuwa lisanalowe tsiku lofikalo. Ku Tsangano n'kozizira, udzudzu suchuluka ngati ku Bwanje kapena ku Salima, komabe neti sitisiya. Ndipo ngakhale mwana wanu analandira katemera wa malungo, amene Malawi anayamba kupereka m'maboma ena mu 2019, katemerayo amachepetsa chiopsezo, sachotseratu. Neti ndi neti basi.

Mwana akatentha thupi, musamupatse mankhwala a malungo a LA otsala a mnzake kapena ogula pa okala. Mupatseni panado wa ana molingana ndi msinkhu wake, mupite naye akayezedwe magazi a pachala tsiku lomwelo. M'zipatala za boma kuyezako n'kwaulere. Akapezeka nawo, LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalize yonse ngakhale atayamba kusewera tsiku lachiwiri. Mumwetseni atadya kapena atayamwa, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta kapena mkaka. Koma mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa kapena kumwa, akalefuka moti sakudzuka bwino, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche ndipo musadikire msonkhano wa achibale. Pezani njinga. Kumbukiraninso kuti malungo amabisala sabata imodzi kapena awiri udzudzu utaluma, ndiye kutentha thupi kumene kungabwere mutabwerera kale kutauni musakutche kutopa kwa ulendo.

Za madzi musachite nazo manyazi. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Nyamulani botolo la WaterGuard: kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30 musanamwe. Likasowa, wiritsani. Vuto silikhala mankhwalawo, limakhala mmene mungawathirire mu mtsuko wa apongozi osaoneka ngati mukunyoza madzi awo. Ine ndimapempha ndowa yapadera n'kunena kuti, "Amayi, ana akutauniwa m'mimba mwawo ndi mofooka, asatichititse manyazi." Mlandu ukagwera ana anu, palibe amene amakhumudwa, ndipo mawa lake mumapeza aliyense akutunga mu ndowa yomweyo.

M'kathumba ka mankhwala muikenso mapaketi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki, amene mwana wotsegula m'mimba amamwa masiku 10 mpaka 14. Thanzi akatha, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito mpaka mufike kuchipatala. Woyamwa apitirize kuyamwa. Onjezani pulasitala, thonje, sopo wosambira m'manja, ndi tochi. Ngati muli ndi mwana wa mphumu kapena amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, katengeni okwanira masiku onse ndi ena apamwamba, chifukwa pa 25, pa 26 ndi pa 1 ndi masiku atchuthi ndipo malo ambiri amakhala otseka.

Zovala ndi tsitsi

Telala mupatseni nsalu Disembala asanafike pa 5, apo ayi musamupatse n'komwe. Sabata ya Khirisimasi telala aliyense amalonjeza "mawa" kwa anthu makumi awiri. Kaunjika mukagule koyambirira kwa mwezi, mitengo isanapenge, ndipo pitani nokha, ana muwasiye kunyumba. Tengani kachingwe koyezera phazi la aliyense. Chovala chatsopano chimodzi pa mwana chakwana. Zotsalazo zikhale zakale zolimba, chifukwa kumudzi akakhala m'matope kuyambira m'mawa. Juzi ndi jekete la mvula zisatsale.

Mukamasankha za ana anu, sankhaninso kamalaya kapena kadiresi ka asuweni awo a msinkhu womwewo. Palibe chimene chimaumitsa nkhope za anthu pa tsiku la 25 ngati ana atatu owala pakati pa ana khumi ovala zong'ambika. Ana anuwo amasalidwa pa masewera, inu mumanenedwa kumjigo.

Tsitsi la atsikana lilukidwe kudakali masiku anayi kapena asanu, ndipo likhale losakoka. Usiku wa pa 23 si nthawi yogwira mwana wa zaka 4 pakati pa miyendo akulira mpaka 11 koloko.

Ntchito imodzi usiku umodzi

Makolo apantchito alibe tsiku lathunthu lokonzekera ulendo. Ali ndi ola limodzi lokha, pakati pa kugoneka ana ndi kugwa ndi tulo. Ndiye lembani pepala, mulimate pa chitseko cha kukhitchini, usiku uliwonse ukhale ndi ntchito yake imodzi: Lolemba mabuku akuchipatala ndi mankhwala, Lachiwiri kusankha zovala, Lachitatu kusita, Lachinayi kumanga za kumudzi, choncho. Pambali pa ntchito iliyonse lembani dzina la woichita. Bambo a kunyumba kuno ankakonda kunena kuti, "Mungondiuza chochita." Kuuza munthu chochita nakonso ndi ntchito. Dzina lawo litalembedwa pa za matikiti, mayunitsi, maloko ndi chigayo, funsolo linatha, ndipo ndivomere kuti matikiti amawagwira bwino kuposa ine.

Kusita musakuone ngati kudzikongoletsa. Nyengo ya mvula ntchentche zina zimaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pa udzu, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Matewera, zovala zamkati ndi zofunda za mwana zisitidwe mbali zonse, kuno ndi kumudzi komwe. Magetsi akazima, simbi ya makala ilipo.

Ana nawo apatseni zochita, apo ayi akhala akumasula zimene mwamanga. Wa zaka 7 amatha kuwerenga masokosi ndi kupinda malaya ake. Wa zaka 4 ndimamupatsa kachikwama kake koti aikemo zinthu ziwiri zimene akufuna. Chaka chatha anaikamo chidole chopanda mutu ndi supuni, ndipo sindinafunse. Madzulo omwewo ndi nthawi yoyeserera ulemu: kugwada popereka moni kwa akuluakulu, kulandira ndi manja awiri, kuyankha kuti "wawa" kapena "ee" osati kugwedeza mutu, kusanena kuti "ine izi sindidya" pamaso pa wophika. Chitani ngati sewero, wina akhale agogo, wina mlendo. Muwauzenso za chimbudzi chokumba, chifukwa mwana amene anazolowera chamadzi amatha kudzigwira masiku awiri chifukwa cha mantha. Kwa wamng'ono nyamulani kapoti kake.

Nthawi yogona musaisinthe chifukwa sukulu yatsekera. Mwana wosagona mokwanira ndi amene amagwa pansi kulira pakati pa depoti.

Ngati muli ndi anti othandiza pakhomo, nawonso ali ndi kwawo, ali ndi mayi amene akufunsa funso lomwe lija. Muwalipire msanga, muwapatse ya thiransipoti ndi kanthu kokagwira m'manja pofika, mugwirizane tsiku lobwerera. Muwamasule tsiku limodzi inu musananyamuke, osati kuwagwiritsa ntchito mpaka usiku womaliza n'kuwasiya akusaka minibasi pa 24 madzulo.

Kumanga katundu

Lamulo langa ndi lakuti katundu asapose manja. Tili akuluakulu awiri, mmodzi ali ndi mwana kumsana ndi dzanja la wapakati, ndiye zikwama zikuluzikulu sizipitirira ziwiri, kuphatikiza chimodzi cha m'manja. Zovala za mwana aliyense zilowe m'jumbo yakeyake musanaziike m'chikwama, kuti mvula ikakupezani pa kabaza zisanyowe. Ufa, shuga ndi sopo zisagone pamodzi. Nsima ya fungo la sopo tinaidyapo.

Cha m'manja ndicho chofunika kuposa zonse. Mukhale mabuku akuchipatala, mankhwala, zitenje zitatu, zovala zosinthira za mwana aliyense ndi bulauzi yanu imodzi, matewera, majumbo opanda kanthu a masanzi ndi zonyowa, madzi akumwa, ndi kamba. Kamba akhale wouma ndi wozolowereka: mbatata yophika, mazira owiritsa, nthochi, masikono, chigumu. Tchipisi ndi nyama zogula pa windo la basi zisiyeni, ulendo ukadali wautali. Wamng'ono mutengereni ufa wa phala lake wokwanira masiku onse, chifukwa mwana akakana zonse, phala limene analizolowera salikana.

Nyumba imene mukuisiya

Uzani neba mmodzi amene mumamukhulupirira, mumusiyire nambala ya foni ndi kiyi wa geti, ndipo pobwera musamuiwale pa mbatatesi. Ena onse asadziwe tsiku. Zithunzi za ulendo pa Facebook ndi pa WhatsApp mudzaike mutabwerako. Akuba nawonso ali ndi mafoni. Zimitsani ndi kuzula zamagetsi kuopa mphenzi, firiji muikhuthule n'kuisiya yotsegula, tsekani madzi pa mita, tayani zinyalala, tsegulani ngalande ya kuseri kuti madzi a mvula asalowe m'nyumba. Matumba a ufa akwere pa thebulo kapena pa njerwa. Pamene denga limadontha ikanipo beseni.

Tsiku la ulendo

Ngati mungathe, musayende pa 23 kapena pa 24. Masiku amenewo basi zimadzaza mopyola, madalaivala amathamangira kubwereza maulendo, ndipo ena pamsewu amakhala atayamba kale chikondwerero. Pemphani tchuthi kuntchito kudakali Novembala kuti munyamuke pa 20 kapena pa 21. Basi yaikulu yogulira tikiti pasadakhale ndi yabwino kuposa minibasi mukakhala ndi tiana, ngakhale ikwere mtengo pang'ono, ndipo wa zaka 7 mugulireni mpando wake. Ana awiri pamiyendo kuchokera ku Lilongwe mpaka kudutsa Dedza ndi chilango kwa iwo ndi kwa inu.

Nyamukani m'mawa. Mvula ya Disembala imakonda masana ndi madzulo, ndipo mukufuna mutsike pa M1 kukadali kowala, msewu wafumbi usanasanduke phala. Ana asambe usiku, m'mawa angosukusula. Adye pang'ono, osati kukhuta, makamaka amene amasanza m'galimoto. Ameneyo akhale pa windo, ayang'ane kutsogolo, foni musamupatse. Onse apite kuchimbudzi musanakwere, ngakhale akane.

Pa depoti m'pamene ana amasowera. Oitanira amakoka chikwama uku, wina akukoka uko, inu maso ali pa katundu. Gawanani musanatsike: mmodzi katundu, wina ana, ndipo wa ana asagwire chikwama chilichonse chachikulu. Mwana aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembedwa dzina lake ndi nambala zanu ziwiri. Wamkulu aloweze nambala imodzi pamtima. Ife tinaiika m'nyimbo ndipo anaigwira masiku awiri. Muwauze kuti akakusowani aime pomwepo, asayende kukufunani.

Dalaivala akamathamanga mopenga kapena akamanunkha mowa, lankhulani, ndipo akapanda kumva tsikani pa rodibuloko yotsatira. Ndalama ya tikiti imapezekanso.

Pa Lizulu ndi pamene timagula tomato, anyezi ndi kabichi wa pa tsikulo, pa windo pomwepo, ndalama yosinthasintha ili kale m'manja. Chigawo chimenechi msewu umayenda m'malire, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo wamkulu amakonda kuuza anzake kusukulu kuti patchuthi anaona dziko lakunja. Imbirani kumudzi muli pamenepo kuti wokuchingamirani anyamuke. Pa njinga yamoto musalole kuti akupanikizeni banja lonse pa imodzi pofuna kupulumutsa ndalama: wamkulu mmodzi ndi mwana mmodzi, mwanayo pakati, mwendo wake kutali ndi paipi yotentha, katundu pa njinga yakeyake. Woyendetsa mumuuze poyamba pomwe kuti simukuthamangira kulikonse.

Ola loyamba mutafika

Mukapereka moni, mukamwa madzi, mukapereka zimene mwanyamula kwa mwini khomo kuti agawe yekha, dzukani muzungulire bwalo ndi maso a mwana wa chaka chimodzi. Onani pamene pali moto wa mafuwa ndi pamene amaika mphika wa phala ukaphulidwa. Onani chitsime chosavindikira, dzenje limene anaumbira njerwa lomwe tsopano ladzaza madzi, ndowa zodzaza zimene zili pansi. Yang'anani pa zenera ndi pansi pa bedi: mankhwala a mbozi za m'chimanga, a makoswe ndi palafini kumudzi amasungidwa m'mabotolo a Fanta ndi Sobo, ndipo mwana waludzu safunsa. Kwezani zonsezo pamwamba, mwakachetechete.

Asuweni akuluakulu adzafuna kunyamula ana anu kupita nawo kumtsinje ndi kukatola mango. Mango apite, atsukidwe asanadye. Kumtsinje ayi, pokhapokha pali munthu wamkulu, chifukwa mvula ikagwa kumapiri madzi amafika mwadzidzidzi kumene sikunagwe n'dontho lomwe, ndipo m'madzi odikha muli likodzo. Bowa adye yekhayo amene wazulidwa ndi kuphikidwa ndi anganga, osati wotola ana. Nsapato zisachoke kuphazi. Ndipo tsiku lililonse tchulani dzina la munthu mmodzi amene akuyang'anira wamng'ono, chifukwa pakhomo pakakhala anthu makumi awiri aliyense amayesa kuti mwana ali ndi mnzake, makamaka pa 25 masana, nkhuku ikupsa, wailesi ikulira, amuna ali pansi pa mtengo.

Zotsalazo zisiyeni zichitike mmene zichitikire. Adye ngumbi, amwe thobwa, ade ndi matope, agone mochedwa tsiku limodzi akumvera nthano. Diresi latsopano lija lidzakhala ndi utomoni wa mango pofika 10 koloko, ndipo sudzachoka.

Tsiku lobwerera likhale lija munanena pa foni, ndipo lisiye masiku atatu sukulu isanatsegulidwe, oti muchape, musite mayunifomu, ana abwerere pa nthawi yawo yogona. Amayi adzati, "Mwafulumiratu, gonani kawiri." Mudzayankha kuti ntchito ikudikira, ndipo adzakumangirani thumba la mbatatesi, nyemba, ndi nkhuku yamoyo yomanga miyendo. Pomanga katundu ku Lilongwe siyani chikwama chimodzi chopanda kanthu, chopindika, chifukwa cha zimenezi, ndipo muvomerezane kudakali kunyumba kuti nkhukuyo idzakhala pamiyendo pa ndani.